Dokotala wa Maso Amene Adaphedwa Kaamba ka Mabuku Awiri

Pa 30 Disembala m'chaka cha 1896, dzuwa litangotuluka kumene, asilikali adatulutsa mkaidi wina m'ndende ya Fort Santiago mumzinda wa Manila ku Philippines. Adayenda naye wapansi atamumanga manja mpaka pa bwalo la Bagumbayan m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko adamuwombera khamu la anthu likupenya. Mkaidiyo adali José Rizal, bambo wa zaka 35, dokotala wodziwa kuchita opaleshoni ya maso. Munthuyu sadatsogolerepo gulu lankhondo ngakhale tsiku limodzi. Khoti la asilikali lidamupeza wolakwa pa mlandu woukira boma, koma gwero la chidani chimene akuluakulu adali nacho pa iye lidali mabuku awiri a nthano zopeka amene adalemba ali ku Ulaya.

Ife okonda zolembalemba timamva kawirikawiri anthu akunena kuti nthano ndi masewera a anthu osowa chochita. Mbiri ya Rizal ndimaikonda chifukwa imayankha chitonzo chimenechi. Komatu mbiri yomweyi ili ndi mafunso amene amatilasa ifeyo alembi. Kodi buku likabweretsa mavuto, amene amalipira ndani? Nanga mlembi angakane ana amene mawu ake adabala? Tiyeni tiyende nayo nkhaniyi kuchokera pa chiyambi.

Dziko la Philippines ndi la zilumba zoposa 7,000, ndipo lidakhala m'manja mwa atsamunda a ku Spain kuyambira m'chaka cha 1565 mpaka 1898. Abwanamkubwa ankabwera ndi kupita, ena osatha ngakhale zaka zitatu. Amene ankakhalitsa adali ansembe a zipani za Augustinian, Dominican, Franciscan ndi Recollect. Wansembe wochokera ku Spain ankatha kukhala pa parishi imodzi zaka makumi angapo, nadziwa chinenero cha anthu ndi zinsinsi za banja lililonse. Mawu ake ankamveka pa za sukulu, za msonkho ngakhalenso pa kusankha mkulu wa tauni. Zipani zina zidali ndi minda ikuluikulu imene eni dziko ankalimamo polipira lendi. Mbadwa ya dzikolo inkatchedwa "indio", dzina limene linkanenedwa monyoza.

Rizal adabadwa pa 19 Juni, 1861 m'tauni ya Calamba, m'chigawo cha Laguna. Adali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana 11. Bambo ake, a Francisco Mercado, ankalima pa malo obwereka kwa ansembe a chipani cha Dominican. Banjali lidali lopata bwino, lokhala m'nyumba yamiyala yodzaza ndi mabuku. Komabe amene adamvapo za thangata wa ku Magomero adziwa mtima wa munthu wolima pa nthaka imene mwini wake angamuchotsepo tsiku lililonse. Mayi ake, a Teodora Alonso, adali mayi wophunzira, ndipo ndiwo adamuphunzitsa kuwerenga.

Zinthu ziwiri zidachitika José ali ndi zaka pafupifupi 10 zimene sadaziiwale moyo wake wonse. Choyamba, mayi ake adawanamizira kuti ankafuna kupha mlamu wawo ndi poizoni. Adawayendetsa wapansi kuchoka ku Calamba kukafika ku Santa Cruz, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo adakhala m'ndende zaka ziwiri ndi theka asanamasulidwe. Chachiwiri chidachitika mu 1872. Asilikali ena ataukira mabwana awo ku Cavite, boma lidapezerapo danga logwira ansembe atatu obadwira m'dzikolo, Mariano Gomez, José Burgos ndi Jacinto Zamora, amene ankadziwika ndi kumenyera ufulu wa ansembe achikaya kuti nawonso azilamulira maparishi. Pa 17 Febuluwale adawapha powapotokola makosi ndi chitsulo, pa bwalo lomwe lija la Bagumbayan. Paciano, mkulu wake wa José, adali wophunzira wokondedwa wa Burgos, choncho dzina loti Mercado lidayamba kukayikiridwa. N'chifukwa chake mnyamatayu polowa sukulu ya ansembe a Jesuit ya Ateneo ku Manila adalembetsa dzina lina la banjalo, loti Rizal.

Atamaliza ku Ateneo mu 1877 adalowa yunivesite ya Santo Tomas. Nthawi imeneyo maso a mayi ake adali atayamba kuchita ng'ala, ndipo ichi ndicho chidamukokera ku maphunziro a udokotala. M'mwezi wa Meyi, 1882 adakwera sitima yapamadzi kupita ku Spain makolo ake osadziwa. Paciano ndiye adakonza ulendowo ndi kumamutumizira ndalama. Adalandira digiri ya udokotala ku Madrid mu 1884, kenaka adapita ku Paris kukagwira ntchito pansi pa katswiri wa maso Louis de Wecker. Mu 1886 adali ku Heidelberg m'dziko la Germany, pa chipatala cha maso cha Otto Becker.

Ndi bwino timvetse kuti ntchito imene adaphunzirayo inkafuna munthu wotani. Ng'ala imabwera pamene kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso kachita chifunga. Dokotala wa nthawi imeneyo ankacheka m'mbali mwa diso ndi kampeni kakang'ono kwambiri, natulutsa kagalasi kowonongekako. Mankhwala ochititsa dzanzi diso adali atangodziwika kumene mu 1884. Mankhwala opha tizilombo ta m'mabala monga penisilini kudalibe, ndipo galasi lopanga loika m'diso lidadzabwera mu 1949. Wodwala ankagona chagada masiku angapo atamangidwa nsalu kumaso. Madokotala ankadikiranso kuti ng'ala ikhwime asanaigwire. Dzanja likanjenjemera pang'ono, kapena dokotala akapupuluma, munthu ankakhala wakhungu mpaka kalekale. Khalidwe lodikira nthawi yoyenerali tidzalionanso m'ndale za Rizal.

Masana akucheka maso, usiku ankalemba. Buku lake loyamba adalimalizira ku Berlin ali pa umphawi wadzaoneni, chifukwa ndalama za kumudzi zidali zitachedwa. Mnzake wina, dokotala Máximo Viola, adamukongoza mapeso 300, ndipo m'mwezi wa Malichi, 1887 makope 2,000 adasindikizidwa. Dzina la bukulo ndi Noli Me Tangere, mawu a Chilatini otanthauza kuti usandikhudze. Mawuwa amachokera m'Uthenga Wabwino wa Yohane, koma madokotala akale ankatchulanso motero chilonda cha khansa chimene chimapweteka koopsa chikangogundidwa. Rizal ankaona dziko lake ngati wodwala wa nthenda yotero, ndipo iye monga dokotala adaganiza zovula nsalu yobisa chilondacho kuti aliyense achione.

Nthanoyo ndi ya Crisóstomo Ibarra, mnyamata wa banja lolemera amene akubwerera kwawo ku San Diego atakhala zaka 7 ku Ulaya. Akupeza kuti bambo ake adafera m'ndende atayambana ndi wansembe wa parishi, Padre Dámaso, ndipo mtembo wawo udafukulidwa n'kutayidwa m'nyanja. Ibarra sakufuna kubwezera. Chimene akufuna n'kumanga sukulu ndi kukwatira bwenzi lake María Clara. Koma ansembe akumutchera ndale, akumunamizira zoukira boma, ndipo pamapeto pake zikuululika kuti bambo womubereka María Clara ndi Padre Dámaso yemweyo. M'mbali mwa nkhaniyi muli mayi wosauka dzina lake Sisa, amene akupenga misala pofunafuna ana ake awiri otumikira ku tchalitchi, mmodzi mwa iwo atanamiziridwa kuba ndalama za parishi. Rizal sadalekerere anthu a mtundu wake. Adaseka olemera okonda kunyambita mapazi a ansembe, amayi odzola zoyeretsa nkhope kuti aoneke ngati a ku Spain, ndiponso amuna otaya chuma pa juga ya atambala.

M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho adabwerera ku Calamba natsekula chipatala. Anthu ankamutcha dokotala wa ku Germany, ndipo odwala ankachokera kutali. Koma buku lija lidali litafika kale. Komiti ya aphunzitsi a yunivesite ya Santo Tomas idagamula kuti bukulo n'lonyoza chipembedzo ndi loopseza boma. Bungwe loona zofalitsa, motsogozedwa ndi wansembe Salvador Font, lidapempha kuti liletsedwe. Ansembe ankalilalikira pa guwa, ndipo kupezeka nalo kudasanduka chinthu choopsa. Monga zimakhalira, kuletsako kudangowonjezera chilakolako cha anthu, moti makope ankayenda mobisa kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Bwanamkubwa Emilio Terrero adamuitana Rizal, namupatsa msilikali womulondera, koma patapita miyezi yochepa adamulangiza kuti achoke m'dzikomo. Adachoka mu Febuluwale, 1888.

Asanachoke adachita chinthu china chimene chidadzetsa misozi yambiri. Boma lidafunsa za msonkho wa munda wa ansembe a Dominican ku Calamba, ndipo Rizal adathandiza alimi kulemba madandaulo awo okhudza kukwera kwa lendi. Mlandu udapita kukhoti, alimi adagonja. M'zaka za 1890 ndi 1891, pa ulamuliro wa bwanamkubwa Valeriano Weyler, asilikali adathamangitsa mabanja ambiri, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Banja la Rizal lidataya malo, ndipo Paciano ndi alamu ake adawapirikitsira ku chilumba cha Mindoro. Zonsezi zikuchitika, mwini buku adali ku Ulaya. Apa ndi pamene ine ndimaima kaye pa mbiriyi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma pano matope adagwera makolo okalamba ndi alimi amene ambiri mwa iwo sakadatha kuwerenga ngakhale tsamba limodzi la bukulo. Makalata a Rizal a nthawi imeneyo amaonetsa kuti chinthuchi chinkamudya mumtima, ndipo ndicho chidamubweza kwawo pambuyo pake ngakhale anzake ankamuletsa.

Ku London adakhala miyezi yambiri mu laibulale ya British Museum akukopera pamanja buku la Antonio de Morga la mu 1609 lofotokoza mbiri ya zilumbazo. Adalisindikizanso mu 1890 ndi ndemanga zake, pofuna kuonetsa kuti anthu a kwawo adali ndi malonda, malamulo ndi zilembo zawo atsamunda asanafike. Ankalembanso m'nyuzipepala ya La Solidaridad, imene anyamata a ku Philippines adaiyambitsa ku Barcelona mu 1889. Zimene ankapempha zidali zofatsa ndithu: kuti akhale ndi aphungu m'nyumba ya malamulo ya ku Spain, kuti akhale ofanana ndi azungu pamaso pa lamulo, ndi kuti mphamvu za ansembe pa boma zichepe.

Buku lachiwiri, El Filibusterismo, lidasindikizidwa ku Ghent m'dziko la Belgium mu 1891 ndi chithandizo cha mnzake Valentín Ventura. Adalipereka kwa ansembe atatu aja ophedwa mu 1872. Bukuli n'lowawa kuposa loyamba. Ibarra akubwera patapita zaka 13 atadzisintha kukhala Simoun, wogulitsa miyala yamtengo wapatali, ndipo tsopano akufuna magazi. Akukonza nyale yodzaza ndi zophulika kuti iphe akuluakulu onse pa phwando la ukwati. Koma mnyamata wina akuilanda nyaleyo n'kuiponya mumtsinje, ndipo Simoun akufa atamwa poizoni m'nyumba ya wansembe wachikaya amene akumuuza kuti ufulu supezeka kudzera m'chidani ndi uchigawenga. Owerenga akhala akutsutsana mpaka lero. Ena amati Rizal ankachenjeza anthu a kwawo kuti asagwire zida. Ena amati ankachenjeza Spain za chimene chidzachitike ikapanda kusintha.

Kumapeto kwa 1891 adakhazikika ku Hong Kong, kumene chipatala chake cha maso chidatchuka. Makolo ake adamutsatira kumeneko, ndipo adachita opaleshoni ya ng'ala pa diso la mayi ake, imene adaiphunzirira zaka zonse zija. Akadafuna akadakhala komweko n'kukalamba mwaulemu. Koma mu Juni, 1892 adabwerera ku Manila, ndipo pa 3 Julayi adayambitsa bungwe lothandizana lotchedwa La Liga Filipina. Patangopita masiku atatu adamangidwa, boma likunena kuti m'katundu wa mlongo wake mudapezeka timapepala tonyoza ansembe. Adamupirikitsira ku Dapitan, katauni kakutali pa chilumba cha Mindanao. Pa 7 Julayi, Andrés Bonifacio ndi anzake, ataona kuti njira yamtendere yatsekedwa, adayambitsa gulu lachinsinsi la Katipunan lofuna kuchotsa atsamunda ndi nkhondo.

Ku Dapitan adakhalako zaka zinayi, ndipo sadakhale manja lende. Atapata gawo la mphoto ya lotale adagula malo ku Talisay, namangapo nyumba, chipatala ndi sukulu ya anyamata. Adakonza njira yobweretsera madzi, ankalima, ndipo ankatumiza tizilombo ndi nyama zachilendo kwa akatswiri a ku Germany, moti mtundu wina wa buluzi ndi wina wa chule idatchedwa dzina lake. Osauka ankawachiza ulere. Mu 1894 adachitanso opaleshoni pa maso a mayi ake, koma mayiwo adamasula nsalu nthawi isanakwane ndipo diso lidatukusira. Rizal adalembera mlamu wake kuti tsopano wamvetsa chifukwa chimene dokotala sayenera kuchiza abale ake. Mu 1895 kudafika mkulu wina wakhungu wochokera ku Hong Kong, George Taufer, pamodzi ndi mwana wake womulera, Josephine Bracken. Rizal ndi Josephine adakondana, koma mpingo udakana kuwadalitsa pokhapokha Rizal atakana zimene adalemba. Adakhalira limodzi choncho, ndipo mwana wawo adabadwa masiku asanakwane n'kumwalira.

Pakati pa chaka cha 1896 Bonifacio adatuma dokotala Pío Valenzuela ku Dapitan, atatenga munthu wakhungu kuti azioneka ngati akuperekeza wodwala. Uthenga udali woti nkhondo yayandikira. Rizal adatsutsa, nati anthu alibe zida ndiponso sadakonzeke, choncho magazi adzangotayika pachabe. Nthawi yomweyo pempho lake lokagwira ntchito ya udokotala m'gulu la asilikali a Spain ku Cuba lidavomerezedwa. Adachoka ku Dapitan pa 31 Julayi. Mu Ogasiti nkhondo ya Katipunan idabuka. Rizal adamangidwa ali m'sitima, ndipo atafika ku Barcelona adamubweza ku Manila.

Mlandu udamukulira chifukwa a Katipunan ankapachika chithunzi chake m'misonkhano yawo ndi kugwiritsa ntchito dzina lake ngati mawu achinsinsi ozindikirana, iye osadziwa. Ali m'ndende, pa 15 Disembala, adalemba kalata yodzudzula kuukirako, koma boma silidaifalitse poona kuti sidatsutse maganizo a ufulu wodzilamulira. Khoti lidakhala pa 26 Disembala, ndipo bwanamkubwa watsopano, Camilo de Polavieja, adasainira chilango cha imfa. Usiku womaliza ansembe a Jesuit adakhala naye, ndipo pambuyo pake adalengeza kuti wakana zolakwa zake n'kubwerera mu mpingo. Chikalata cha zimenezi chidatulukira mu 1935, ndipo akatswiri a mbiri akutsutsanabe ngati chili chenicheni. Ndakatulo yake yotsazika adaibisa m'kachitofu kamene adapatsa mlongo wake Trinidad. Omuwombera adali asilikali a mtundu wake womwe, kumbuyo kwawo kutaima asilikali a ku Spain. Adamuika mobisa m'manda a Paco popanda chizindikiro, mpaka mlongo wake Narcisa adachita kufufuza yekha dothi lofukulidwa kumene.

Imfa imene boma linkayesa kuti izimitsa moto idaukoleza. Pasanathe zaka ziwiri Spain idagonja pa nkhondo ndi America, ndipo idapereka zilumbazo kwa America pa mtengo wa madola 20 miliyoni. Ufulu weniweni udadza mu 1946. Lero tsiku la 30 Disembala ndi tchuthi ku Philippines, ndipo pamalo pamene adaphedwera pali paki ya dzina lake.

Ulemu umenewu sudathetse mkangano. Mu 1969 katswiri wa mbiri Renato Constantino adanena poyera kuti atsamunda a ku America ndiwo adakweza Rizal chifukwa adali ngwazi yosaopsa, yokana nkhondo, pamene Bonifacio wosauka amene adagwira chikwanje adaikidwa pambuyo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo kudzipereka kwa Rizal kukatumikira asilikali a Spain ku Cuba kumaipatsa mphamvu zina. Komabe ine ndikuona kuti Aguinaldo, mtsogoleri wa oukira eni ake, ndiye adayamba kulamula mu 1898 kuti tsiku la imfa yake likhale la maliro a dziko lonse, a ku America asanayambe kulamulira zilumba zonse. Bonifacio naye adali atawerenga mabuku awiri aja. Rizal adalankhula monga dokotala woopa kucheka ng'ala yosakhwima, koma mawu ake adali atafika kale kwa anthu amene sakadathanso kudikira. Mlembi amalamulira cholembera chake pokhapokha buku lisanatuluke m'nyumba.

Mu 1956 mabukuwa adautsanso mapiri pachigwa. Aphungu Claro M. Recto ndi José P. Laurel adabweretsa bilu yoti aziphunzitsidwa m'sukulu zonse. Akuluakulu a mpingo wa Katolika adaitsutsa kwambiri, ponena kuti mabukuwo amanyoza chikhulupiriro. Atakambirana adagwirizana zolola wophunzira kupempha kuti asawerenge pa zifukwa za chipembedzo, ndipo Pulezidenti Ramon Magsaysay adasainira lamulolo pa 12 Juni. Padali patapita zaka 60 mlembi ali m'manda, koma Padre Dámaso adali akuopsabe. Ife a kuno, amene tidakhala ndi lamulo loona zofalitsa la mu 1968 ndipo tidaona Jack Mapanje akutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, sitingadabwe kuti olamula amaopa mapepala.

Pali mfundo ina imene ikutikhudza ife olemba m'Chichewa. Mabuku onse awiri adalembedwa m'Chisipanishi, chinenero chimene anthu wamba ambiri sankachidziwa. Rizal ankalidziwa vutoli. Adamasulira m'Chitagalog, chinenero cha mayi ake, sewero la Friedrich Schiller lotchedwa Wilhelm Tell ndi nthano zingapo za Hans Christian Andersen. Ali ku Hong Kong adayamba buku lachitatu, Makamisa, m'Chitagalog, koma adavutika nalo, nabwerera ku Chisipanishi, ndipo sadalimalize. Munthu wodziwa zinenero zambiri chotero adapeza kuti kulemba nthano yaitali m'chinenero chakwawo n'kovuta, chifukwa sukulu zonse zidamusula m'chinenero cha eni ulamuliro. Lero Chisipanishi chidazilala ku Philippines, ndipo ana asukulu amawerenga mabuku a ngwazi yawo atamasuliridwa m'Chifilipino kapena m'Chingerezi. Amene akulimbikira kulemba m'Chichewa, ngakhale ogula ali ochepa, akuchita chimene Rizal adachilakalaka koma nthawi sidamulole.

Mayi Teodora Alonso adakhala ndi moyo zaka zina 15 mwana wawo ataphedwa. Boma la nthawi imeneyo lidafuna kuwapatsa penshoni ya moyo wonse, koma iwo adaikana, ponena kuti banja lawo silidakonde dziko pofuna malipiro. Adamwalira ku Manila mu 1911, chaka chimodzi mafupa a mwana wawo asanasamutsidwire ku Bagumbayan, kumene ali mpaka lero.